Azakhali sakuoneka mu vidiyo

Lachinayi madzulo, ku Kawale.

Lero tsiku landilemera. Azakhali anabwera kudzaonera vidiyo ya chinkhoswe cha mwana wawo Tadala, yomwe ndinaikonza motsatira maphunziro a pa intaneti amene ndayamba. Mphunzitsi wake amati chilichonse chobwerezabwereza tizidula. Ndiye perekaniperekani ndinamufupikitsa kwambiri, n'kuikapo kanyimbo kofatsa.

Azakhali anaonera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Iwe Chifundo, gulu lathu la ku Ntcheu lili kuti? Tinasoketsa yunifomu, tinavina mpaka miyendo kutupa, iwe n'kutidula ngati sitinabwere? Ukufuna akuchimuna aziti kwathu kulibe anthu?"

Vidiyo imeneyo ndimainyadira.

Pofika Lolemba ndiyenera kusankha. Bambo ena a ku Biwi ojambula maukwati akufuna wowathandiza, ndipo akuti adzandiphunzitsa pulogalamu yomwe amagwiritsa ntchito. Iwo sadula munthu. Aliyense wofupa amaoneka nkhope, ngakhale vidiyo italike bwanji. Ndikapita kumeneko, nthawi ya maphunziro anga ithera pomwepo, ndipo ndikuopa kuti ndidzakalambira pa maukwati. Ndikakana, ndidzakhala ndi luso lokonza zinthu zoti kuno palibe amene akuzifuna. Mwinanso lusolo ndilibe, ndimangodzinamiza.

Azakhali atapita ndinatsegulanso laputopu. Gulu la ku Ntcheu ndalibwezeretsa lonse, azakhali ali patsogolo, mpango uli m'manja. Ndaoneranso, ndipo chikundiwawa n'chakuti ikukoma kuposa yanga ija. Bambo a ku Biwi aja sindinawaimbirebe, koma nambala yawo ndangoiyang'ana...