Mabodza atatu, lililonse ndi dzina lake

Lachitatu, madzulo, pa Boma.

Lero mtima wakhala pansi. Ndi sabata yanga yoyamba yomasulira m'khoti, ndipo sindinachite manyazi ngati dzulo.

Mlandu unali wa mayi Namakhwa a ku Chiwalo. Mwana wamkazi wa mchimwene wawo anadinda chala chake pa kalata ngati chawo, n'kugulitsa munda wawo kwa wamalonda wa pa Migowi. Wapolisi woimira boma anangokhuthula Chingerezi: forgery, impersonation, false pretences. Dzulo ndikanangoti "chinyengo" katatu, chifukwa ndi mmene ndinachitira mpaka a majisitireti anandidzudzula anthu akuona. Koma m'mawa ndinalawirira kukafunsa a Phiri, kalaliki wathu, ndipo anandisiyanitsira mawu amenewa.

Ndinati: "Mayi, akuti kalatayi anaipeka yekha. Chachiwiri, anadzitcha kuti ndi inuyo. Chachitatu, ananamiza wogulayo kuti alandire ndalama zake."

Mayiwo anandiyang'anitsitsa. "Eya, mwanawe, zitatu zimenezo! Ine ndimayesa kuti kuno sanandimve. Kani boma lili ndi dzina la bodza lililonse?"

Anthu anaseka, a majisitireti nawo anabisa kamwa. Kenako analamula kuti wogulayo asaponde m'mundamo mpaka mlandu uthe. Mvula ili pafupi, ndiye mayiwo adzala chimanga chawo.

Potuluka anandigwira dzanja, n'kundiuza mawu ena m'Chilomwe amene sindinawamve. Chigamulo ndi sabata ya mawa. Ndikungopempha kuti tsiku limenelo womasulira ndidzakhale ine.