Chimene Chinatseka Ngalande

Loweruka, 2 Novembala

Kope ili anandipatsa kuchipatala kuti ndizilembamo za kuthamanga kwa magazi. Manambala anditopetsa. Ndizilembamo zimene zimawathamangitsa magaziwo.

Choyamba, mwana wanga. Foni m'mamawa, moni wachidule, kenako nyimbo yake ija. "Amayi, madzi akalowanso m'nyumba chaka chino, ndikubwera ndi galimoto. M'menemo tiikamo anthu a lendi." Ine kukakhala nyumba yosanja, masitepe makumi atatu, m'manja mwa mpongozi wanga amene amakuyang'ana m'kamwa ukamatafuna. Pano ndakhalapo zaka makumi anayi ndi ziwiri. Mpapaya wanga. Nkhuku zisanu. Khonde.

Koma sakunama mwanayo. Pakhoma la pabalaza pali mizere iwiri ya matope, wina m'akakolo, wina m'mawondo. Kale madzi ankadutsa m'ngalande ya kuseri kwanga, kulowa m'chipaipi cha pansi pa msewu, ulendo kumtsinje. Zaka ziwiri izi akafika pachipaipi amabwerera kudzandipatsa moni.

Chachiwiri, phokoso. Anthu khumi ndi awiri kuseriko ndi mafosholo, akuti akuyeretsa ngalande mvula isanabwere. Wowalipira palibe. Ndafunsa kawiri. Wotsogolera ndi Anamwino, aja anapuma ntchito kuchipatala, imvi mbuu, mawondo otupa kuposa anga. Ndawauza pampanda kuti ntchito yaulere imafa Loweruka lachiwiri. Wometa, wa kashopu ka pakona, akuti: "Agogo, mutibwereke pakamwa panupo, fosholo yaikulu chonchi tilibe." Wopanda mwambo. Ndasekera m'nyumba.

Lachitatu, 6 Novembala

Kutentha. Nkhuku kukamwa yasa. Mitambo ikubwera, kutiyang'ana, n'kupita.

Anamwino khomo ndi khomo kuyambira m'mawa, wilibala yodzaza matumba. Aliyense awiri. Lina la mabotolo ndi majumbo, lina la zowola, zokapanga manyowa m'dzenje lakuseri kwa sukulu. Ndawauza kuti ine zinyalala zanga ndimazidziwa pozitaya, akalalikire a kumtundawa, otaya matewera ngati akugawa mphatso. Sanatsutse. Mayi uja sakangana, ndiye vuto lake. Umakalipa mpaka mawu kutha, iye ali phee, kenako wakusiyira matumba m'manja.

Mawu awo amodzi andikhala: "Mvula ya masiku ano imathira ya mwezi wonse tsiku limodzi. Kumwamba sitingakukonze ndi fosholo, koma njira yake tingaikonze." Zoona. Ndikukwatiwa ine mvula inali ndi ulemu, inkaodira.

Loweruka, 9 Novembala

Abweranso. Khumi ndi asanu ndi anayi. Ndawerenga kawiri kuti mwina maso. Ulosi wanga wagwa chagada.

Kagwiridwe kawo n'kodabwitsa. Chilichonse chovuulidwa m'ngalande amachiyala m'mbali mwa msewu mpaka madzulo, kenako n'kusankha. Lamulo la Anamwino: "Sitifunsa mwini. Tingoyala, maso aone." Iwo safunsa, koma ine lamulolo sindinalisainire. Ndatulutsa mpando. Nsapato yofiira ija ya akazi a Telala, ndinaiona paukwati. Timabotolo ta mowa makumi angapo, tonse kuseri kwa mkulu wa mpingo uja amati amamwa madzi okha. Beseni long'ambika la Make Mapasa. Ndatchula onse, mmodzimmodzi. Anthu kuseka mpaka kutsamira mafosholo.

Koma ndinene chilungamo, poti kope silinena kwa munthu. Aphunzitsi aja a manja ofewa ngati buledi, matope mpaka m'ntchafu, osadandaula. Make Mapasa, mwana kumbuyo wina kutsogolo, kutungira anzake madzi akumwa. Wowotcherera zitsulo watseka shopu tsiku la makasitomala. Zonsezi kuti madzi asalowe m'nyumba ya nkhalamba yowatukwana. Nyumba zawo zili kumtunda, sizinyowa. Yotsika ndi yanga.

Masana afika pachipaipi. Wometa walowetsa nsungwi yaitali, yapita, yapita, yaima. Akuti: "Muli chinthu chachikulu, chofewa. Ngati si ng'ombe, ndi matiresi."

Ndalowetsa mpando. Ndati mutu ukundipweteka.

Lamulungu, 10 Novembala

Kutchalitchi sindinapite.

Ndilembe, mwina mtima ungatsike. Malemu amuna anga anagona pa matiresi amenewo miyezi isanu ndi itatu. Atapita, fungo la mankhwala linatsalira. Kugonapo, ayi. Kupatsa munthu, ayi. Kuwotcha, ndinayatsa machesi katatu, dzanja kukana. Tsiku lina masana kunagwa chimvula, aliyense ali m'nyumba, ngalande ili tho. Ndinawakoka ndekha mpaka kuseri, n'kukankhira m'madzi. Ndinawaona akukhota pakona paja ngati munthu wopita kumsika. Ndinati afika kumtsinje, apita kutali. Chaka chomwecho mzere woyamba pakhoma.

Zaka ziwiri ndakhala ndikutukwana a kumtunda.

Choipa china, chigamba. Pakona pamene panang'ambika ndinasokapo nsalu yoyera ya mzere wabuluu, yochokera ku yunifolomu yakale ya Anamwino. Anandipatsa okha. Ankabwera m'mawa uliwonse kudzandithandiza kutembenuza wodwala. Chigamba chimenecho angachizindikire ali mtulo.

Mwina ndi ng'ombedi.

Lachinayi, 14 Novembala

Mpongozi watumiza makatoni asanu ndi limodzi pa basi. Opanda kanthu. Akuti "ongokonzekera, Amayi." Ndaikamo nkhuku yofungatira m'limodzi, lapeza ntchito.

Ndafunsa Aphunzitsi mozungulira kuti kodi siponji imaola pakapita zaka zingati. Akuti ine ndi iwo tidzaola, iyo ili gwa. Amati mlandu suola. Sanandiuze kuti ndi matiresi omwe.

Anamwino adutsa pampanda madzulo ndi wilibala yawo. Pakamwa ndinatsegula kuti ndiulule. Chotuluka: mtengo wa matimati.

Bingu kutali.

Loweruka, 16 Novembala



Ndinati ndidzitsekera m'nyumba. Koma munthu amene wakhala pampando Loweruka lapitalo n'kumatchula za eni, akasowa lero ndiye kuti wadziulula. Ndatuluka.

Wometa ndiye walowa m'chipaipi, chokwawa, chingwe m'chiuno. Anamwino anakana kuti alowe chisanamangidwe kawiri, amuna anayi atachigwira. Wakoleka mbedza, watuluka, onse kukoka. Kudukaduka. Walowanso. Katatu konse. Dzuwa lili paliwombo chinthu chija chabwera, chakuda bii, cholemera ngati mlandu, pambuyo pake madzi a zaka ziwiri ndi fungo lothamangitsa ntchentche zomwe. Kenako kuwala kwaoneka mbali ina ya chipaipi. Akulu ndevu zawo kukuwa ngati ana.

Matiresi aja awayala pamsewu. Wina wathirapo ndowa ya madzi. Chigamba chija poyera, ulusi wanga uli nga, sunaduke ndi umodzi womwe. Kusoka ndimatha, tsoka langa.

Make Mapasa akuti: "Agogo, inu odziwa zonse, awa ndi a ndani?" Maso onse pa ine.

Anamwino ayang'ana chigamba. Ayang'ana ine. Awerama ndi mawondo awo aja, agwira pakona, atembenuza matiresi chigamba pansi. "Lamulo ndi lomwe lija. Sitifunsa mwini. Tiyeni, ntchito ikadalipo."

Ndikanapulumuka. Koma ndaona mkono wa Wometa, botolo losweka lamucheka kuyambira pachigongono, magazi kusakanikirana ndi matope, iye akuseka. Dzanja lomwe amadyera. Ndaimirira. Ndati ndi anga, anagonapo amuna anga mpaka kufa, ndinawaponya ndine, a kumtunda mundikhululukire, kupatula a timabotolo aja.

Ndinadikira kuti andibwezere zonse za sabata yatha. Ndinali nditaziyenera.

Wometa ndiye wayamba: "Ndiye Agogo, katundu wanu takutulutsirani. Tiyi ali kuti?"

Ndaphika mapoto awiri. Shuga wa mwezi wonse watha, sindikudandaula. Bala lake amutsuka ndi kumumanga Anamwino pakhonde langa, ine nditagwira beseni, ngati kale.

Loweruka, 23 Novembala

Sabata yonse osalemba. Manyazi amatopetsa kuposa khasu.

Lero kudzala udzu wa vetiva m'mbali mwa ngalande kuti dothi lisamagumukire. Ndapita ndi khasu langa, osati mpando. Wowotcherera waika sefa yachitsulo pakamwa pa chipaipi, yopangidwa ndi mabedi akale a anthu. Anthu amenewa sataya kanthu. Matiresi aja awachapa, awayanika, awadula tizidutswa togwadira podzala. Anamwino andipatsa kachidutswa ka chigamba. Ndagwadapo tsiku lonse. Malemu ali moyo ntchito ya gulu ankaithawa, ati msana. Lero aigwira.

Ndawafunsa Anamwino chifukwa chake anandibisa. Sanadzutse mutu. Akuti: "Jekete la amuna anga ine ndinalisiya dala m'basi. Mpaka lero ndimayang'ana amuna ovala majekete. Chisoni chimasowa potayira, anzanga." Basi, n'kundiuza kuti ndikudzala motalikanitsa.

Pomaliza andipatsa udindo. Sefa ili kuseri kwanga, ndizioona, ikayamba kutsekeka ndiziimba foni. Wobwera kudzataya, ndithane naye. Wometa akuti fosholo yaikulu ija ayibwereka tsopano.

Lachiwiri, 3 Disembala

Mvula yabwera. Itangokwana 2 koloko masana kunada ngati wina watseka chitseko. Yoyamba, koma yathira ngati ili ndi mangawa ndi munthu.

Nkhuku m'khitchini. Wailesi ndi zithunzi pamwamba pa kabati, mwachizolowezi. Kenako ndakumbuka kuti ndili pa udindo. Ambulera, khasu, kuseri.

Ngalande tho, madzi ofiira, majumbo ndi nthambi zaunjikana pasefa. Madzi ayamba kubwerera. Afika pampapaya. Ndaimba foni kamodzi, sindinamve ngakhale yankho, mvula kusokosa. Ndakokera zimene ndikanatha, mikono yakana. Afika pasitepe yoyamba ya khonde. Ndinaona galimoto ya mwana wanga m'maso mwanga, masitepe makumi atatu aja.

Kenako anthu kutsika mumsewu, mvula ikuwakwapula. Wometa thaulo la kasitomala lili paphewa. Aphunzitsi choko chili m'manja. Wowotcherera. Pambuyo Anamwino, akutsimphina, thumba la pulasitiki kumutu. Palibe amene wapereka moni. Mafosholo, manja, mzere umodzi, kupatsirana zinyalala. Chipaipi chameza kamodzi, gubudu, ngati munthu waludzu. Madzi aima pasitepe yachiwiri. Aganiza. Abwerera.

Pabalaza pouma. Ndapondapo opanda nsapato, pakona ndi pakona, kuti mapazi akhale mboni.

Lachitatu, 4 Disembala

Magazi lero ali bwino, ndalemba nambala kuti a kuchipatala asadandaule.

Mwana wanga ndamuimbira ndine. Ndati bwera ndi galimoto yako ija, udzatenge makatoni a akazi ako, asanu, limodzi muli anapiye. Iye akuti: "Amayi, pouma zoona?" Ndati bwera udzagone pansi uone. Akuti abwera Loweruka. Ndamuuza abwere ndi zovala zakutha, fosholo aipeza konkuno, Anamwino akufuna manja kungalande ya kumsika.

Mizere ya pakhoma ndimati ndiipake laimu. Ndasintha. Wa m'mawondo ukhale, ndiziuona ndisanatsegule pakamwa pa munthu.

Koma si lero. Pawindo ndikuona mkulu wa mpingo uja akutsetsereka kuseri, thumba kumbuyo likulira ngwerengwere, akuyang'ana uku ndi uku. Khasu langa lili kuti?