Za nkhokwe imene inagwa

Halale,
12 Febuluwale 1956.

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi moni. Kodi muli bwanji, nanga mwendo uja ukuvutabe? Ine kuno ndili bwino m'thupi, koma mumtima ayi.

Ntchito ya ukalipentala ikuyenda. Vuto ndi nsikidzi za m'komboni, zimatidya ngati zinatilima zokha.

Sabata yatha kunafika a Chrispin a ku Kabudula. Iwo ndiwo andiuza kuti nkhokwe yanu inagwa ndi mvula ya Januwale, chimanga chambiri n'kuwola. Akutinso mudzi wonse ukuloza chala alamu anga a Timothy, ati mkamwini waulesi, ndipo amalume akuti alongedze azipita kwawo ku Nambuma, amusiye mlongo wanga Dorika.

Amayi, wolakwa ndine. Alamu analuka nkhokweyo ndi kufolera denga, ndipo zawo zinali bwino. Nsichi ndi mitanda ya pansi ndinaika ndine. Malemu bambo anandiphunzitsa kuti pamenepo pamafunika muwanga, koma muwanga unali kutali, ine mtima uli kale pa ulendo. Ndinadula mkuyu wa kudimba, n'kuupaka matope kuti usadziwike. Alamu atafunsa ndinawayankha kuti ndi muwanga. Ndinkati pansi pa nkhokwe ndani amasuzumirapo? Kuthamanga sikufika, ndaziona.

Kuno ndimagwira ntchito pansi pa mkulu wina wa ku Zomba, a Stephano. Mwezi watha anandiphwasulitsa tebulo lonse chifukwa sindinapale kunsi kwa thabwa. Nditawiringula kuti kumeneko sikuoneka, anandiuza kuti chiswe sichiyambira poonekera, ndipo mmisiri amadziwika ndi pamene diso silifika. Tsikulo ndinangoti nkhalambayi njovuta. Nditamva za nkhokwe ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Tsopano thabwa lililonse ndimalitembenuza ndekha, koma zimenezo sizibweza chimanga chanu. Ndili ndi manyazi, Amayi, manyazi aakulu.

A Chrispin akubwerera mwezi wamawa, ndipo ndiwapatsira kanthu ka ufa.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi iwerengedwe amalume ndi Dorika alipo, ndipo wina apale mtanda umodzi wothyokawo ndi mpeni, onse aone mtengo wake. Banja la mlongo wanga lisathe chifukwa cha mkuyu wanga.

Ndikudziwa kuti pakhomopo wodziwa kuwerenga ndinu nokha, alamu. Ndinu munthu wofatsa, mungafune kunditchinjiriza. Chonde musalumphe mzere ngakhale umodzi.

Amayi, mundiperekere moni kwa amalume, azakhali a ku Mpingu, Dorika ndi ana, ndi onse a kwathu ku Nsaru. Kwa alamu moni ndidzapereka ndekha, ndikadzabwera ndi muwanga paphewa.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
Overton