Filimu Imene Ndinawamasulira Amayi

Achimwene,

Asalamu alaikum. Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Ntaja tilipo, koma amayi maso aja atheratu, ndipo akuonda.

Lachisanu nditachoka ku Juma ndinawaikira filimu pafoni, ine n'kumawamasulira. Chizungu changa cha Sitandade 5 mukuchidziwa, zambiri ndimangopeka. Mufilimumo mwana anaimbira mayi ake kuti sabweranso kumudzi. Ine ndinati, "Akuti afika mawa, atenga shuga!"

Amayi sanaseke. Anati, "Iyayi, wabodza iwe. Munthu wobwera salankhula choncho. Mawu amenewo ndimawamva mkulu wako akaimba." Kenako anatembenukira kukhoma.

Achimwene, nthabwala zandithera. Ulendo uno musatumize katundu, mubwere inuyo, adzakumveni muli pafupi. Allah akusungeni.

Mng'ono wanu wovuta uja,
Yusufu