Za Kutumiza Galimoto ya Mayi Zorka ku Australia

KOMITI YA OKHALA M'NYUMBA YOSANJA NAMBALA 14, SUŠAK, RIJEKA
Tsiku: Loweruka, 16 Novembala 2019
Malo: Chipinda chapansi, mosungira njinga
Opezeka: Bambo Zvonimir Frković (Wapampando), Mayi Ljerka Superina (Mlembi), Mayi Nevenka Host, Bambo Dinko Mavrić
Osapezeka: Bambo Slavko Jardas (bondo lavuta)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 10 koloko m'mawa.

2. Lipoti la galimoto
Wapampando anakumbutsa mamembala kuti mnzathu Mayi Zorka Pilepić, a zaka 76, anakana kusamukira kwa mwana wawo ku Fremantle, m'dziko la Australia, popanda kagalimoto kawo ka 1978, kamene kwa zaka makumi anayi kanathamangira nafe tonse kuchipatala. Anati malamulo a kumeneko ngokhwima: galimoto ikapezeka ndi dothi kapena kambewu, itha kubwezedwa. Kutatsala masiku anayi kuti kontena yonyamula galimotoyo itsekedwe kudoko, woyendera anapeza matope ouma kunsi konse.

Mayi Host anati amene anapulumutsa ulendowu ndi Bambo Mavrić, omwe anagona chagada pansi pa galimoto masiku atatu, ndi msana wawo wovutawo, akukwecha ndi mswachi. Anazula mipando, anamasula matayala, natola njere za maolivi zodzaza botolo.

Bambo Mavrić anati, "Musandikometsere, achemwali. Ine ndimangofuna chichoke chigalimotocho. Utsi wake unkathera kukhitchini kwanga."

Mayi Host anati, "Eti? Nanga bwanji munaiperekeza mpaka kudoko mutavala tayi?"

Bambo Mavrić anati tayiyo inali ya nkhani ina. Atafunsidwa kuti nkhani yanji, anapempha kuti zimenezi zisalembedwe. Povota, atatu anati zilembedwe.

3. Foni yochokera ku Fremantle
Zokambirana zili mkati, Mayi Zorka anaimba foni, ndipo Wapampando anaiika patebulo kuti onse amve. Mayi Zorka anati sitima inayenda masabata asanu ndi awiri. Oyendera a ku Australia anaunika galimoto ndi matochi ola lathunthu osapeza kalikonse, mpaka mmodzi anafunsa dzina la kampani imene inatsuka.

Mayi Zorka anati, "Ndamuuza kuti kampaniyo ndi nkhalamba imodzi yamakani. A Dinko, mulipo? Tamverani!" Kenaka analiza hutala katatu.

Bambo Mavrić anasendera pafupi ndi foni nati, "Batire yafooka imeneyo, a Zorka. Musapite nayo kutali musanaitchaje."

Komiti inagwirizana zoyamikira Bambo Mavrić polemba kalata. Iwo anatsutsa.

4. Zina ndi zina
Bambo Mavrić anapempha adiresi ya ku Fremantle. Anati ali ndi lamba wa injini amene kumeneko sangamupeze, ndipo sakhulupirira kuti makaniko a kumeneko angadziwe kumanga kwake. Anafunsanso ngati pasipoti yawo yotha ntchito mu 1994 ingakonzedwe. Mlembi analonjeza kubwera ndi mafomu Lolemba.

5. Msonkhano wotsatira
Loweruka, 14 Disembala 2019, malo omwewa.

Wapampando anatseka msonkhano 11:20 m'mawa.

Z. Frković, Wapampando ..............................
Lj. Superina, Mlembi ..............................