Suti Yakudayo Sitiichepetsa

Kuchokera kwa wapampando wa Bungwe la Matelala a Mumsika, kupita kwa Mayi athu ofedwa, ana, akulu awo a malemu, ndi onse amene uthengawu uwapeze.

Ndi mitima yosweka, ndi manja amene chiyambire Lachiwiri akulephera kulowetsa ulusi pasingano, tikulengeza kuti bambo wathu amene anayambitsa bungwe lino, omwe msika wonse unkawadziwa kuti a Madziotentha, atisiya Lachiwiri atadwala masabata atatu okha. Pamakina awo pakadali diresi ya sukulu yopanda kolala, ndipo palibe mwa ife amene walimba mtima kuichotsapo.

Malemuwa anatipeza tikusokera m'makhonde a masitolo, mvula ikabwera tikuthawa ndi makina pamutu, ndipo sanapume mpaka anatipezera shedi imene lero muli makina makumi atatu ndi anayi. Anaphunzitsa ntchito achinyamata ambiri osawalipiritsa. Mmodzi mwa iwo ndine, amene ndinabwerako ku koleji wopanda pepala, ndikuyenda choweramitsa mutu. Sanandifunse zambiri. Anangoti, "Koleji yakukana? Sizasi sikana munthu. Gwira." Chaka chatha anatula mpando, n'kupempha anzathu kuti andiyese ine.

Dzina lawo lija linachokera ku chipembedzo chawo. Anali a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene ambiri amangouti wa a Momoni, ndipo kumeneko tiyi, khofi, mowa ndi fodya sakhudza. Ketulo ikamazungulira m'mawa, iwo ankatchera kapu yawo masamba asanalowe. Tinkawaseka kuti, "Bambo, kodi masamba akwera mtengo?" Iwo ankati, "Ana inu, thupili n'lobwereka. Eni ake adzaliyendera msoko ndi msoko."

Lamulungu makina awo ankagona chofunda, ngakhale mkwatibwi alire bwanji. Lamulungu loyamba la mwezi ankasala kudya, ndipo zimene akanadyazo zinkapita kwa osowa. Loweruka m'mamawa ankakolopa tchalitchi chawo, mawa lake munthu yemweyo n'kuima kutsogolo kwa mpingo popanda malipiro. Ndinapitako kamodzi atandikakamira. Ndinawaona atagwada akudalitsa buledi ndi madzi, anthu atapinda manja, akupemphera kwa Atate Akumwamba m'dzina la Yesu Khristu. Nditafunsa chifukwa chake pakhoma panalibe mtanda, anati, "Ife timakumbukira kuti anadzuka."

Kamodzi pa moyo wawo anayenda masiku awiri pabasi pamodzi ndi Mayi kupita ku kachisi wa mpingo wawo, ndipo anabwerako akunena kuti ukwati wawo sudzathera kumanda. Zovala zoyera zimene anapembedzera nazo kumeneko anazisunga m'sutikesi. Ananena pamaso pa Mayi, ananenanso pamaso pathu kangapo konse, kuti tsiku lawo likadzafika adzavekedwe zimenezo, ndipo owaveka adzakhale abambo a mpingo wawo.

Uthenga wa chipepeso suyenera kukhala ndi mkangano, koma kukhala chete pano kungakhale kuwataya bambo wathu kawiri. Dzulo akulu awo a malemu anabwera kushedi atanyamula suti yakuda ya iwo eni yoti malemu akaikidwe nayo, n'kuiponya patebulo panga.

"Iwe, mng'ono wanga waonda ndi matenda. Chepetsa m'chiuno, upinde miyendo. Sapita ngati mzukwa atavala zoyera za mpingo wosadziwika bwino, ndipo anthu akewo asamukhudze."

Ndinati, "Pepani bambo aakulu, pano ayi."

"Ukudziwa chiyani iwe, wothawa sukulu?"

Anainyamula n'kuyamba kuyenda tebulo ndi tebulo. Wina anati singano yathyoka, wina anati maso akumuvuta. Atafika kwa mayi a Zipi, omwe ndi mtsogoleri wa amayi ku mpingo wina, anamva zosabisa: "Alamu, zaka zonsezi mwavala zosoka iwowa ulere, simunafunsepo kuti singano yake ndi ya mpingo wanji. Lero ndiye mwaphunzira za Mulungu?" Anabwerera patebulo panga, n'kuisiya sutiyo, akuti adzaitenga Lachisanu itachepetsedwa.

Bungwe lakumana m'mawa uno. Pakati pathu pali Asilamu, pali a mipingo yosiyanasiyana, palinso ena ngati ine amene chiyambire Lachiwiri sitikuyankhulana ndi Mulungu. Wa mpingo wa malemu palibe ndi mmodzi yemwe, ndipo sitinama kuti zonse za chipembedzo chawo timazimvetsa. Koma tinauona moyo umene chipembedzocho chinasoka, ndipo ife amene ntchito yathu ndi kuyang'ana misoko sitinaupeze pophwasuka. Choncho tagwirizana, popanda wotsutsa, kuti palibe sizasi ya m'bungwe lino imene ikhudze sutiyo. Nkhani za m'banja si zathu, tikudziwa, koma masizasi ndi athu.

Mayi athu, tamva kuti sutikesi ija mwaibisa kunsi kwa bedi poopa kulandidwa. Itulutseni. Aitaneni abale a mpingo wanu awaveke amuna anu monga anafunira, muimbe nyimbo zanu, mupemphere mapemphero anu. Loweruka, tsiku la maliro, makina onse adzafunda, ndipo tonse tidzaima pakhomo panu kuyambira m'mawa. M'malo mwa mamembala onse tikupepesa kwa inu, kwa ana ndi kwa mpingo wonse, ndipo tikukhumba kuti chiyembekezo chimene munapita nacho pabasi ija chikugwireni mkono masiku akubwerawa.

Kwa inunso bambo aakulu tikupepesa kuchokera pansi pa mtima, pakuti tikudziwa kuti malemuwa munawabereka kumsana ali khanda, ndipo ukali wanu ndi kulira kumene. Suti yanu taisokerera batani limene linali lendelende, taisita, ndipo taipachika pamsomali wa malemu. M'chiuno sitinakhudzemo. Ikukukwanani bwino lomwe. Mudzaivale Loweruka, mudzaime patsogolo pathu, tidzaperekeze mng'ono wanu atavala zake.

Ine wanu m'chisoni,
Wapampando