Sipika Iliyonse ndi Ampu Yake

Loweruka, Nsaru. Lero ndapambana.

Ampulifaya imodzi yokoka masipika onse asanu ndaichotsa. Tsopano sipika iliyonse ili ndi ampu yakeyake, masipika awiri ndawaika kumbuyo kwa mipando. Amalume, eni nyumba, ananenetsa kuti mawu akapanda kusintha, mawaya anga atuluke, chipinda chomwe ndaikamo masipikawa azisungiramo fodya. "Digiri yonse ija n'kumangoluka zingwe, eti?"

Masana ndinawaikira filimu. Njinga yamoto ya m'filimumo italira kumbuyo kwawo, anadzambatuka n'kukasuzumira pakhomo. "Kodi wakabazayu walowa bwanji kumpanda kuno?"

Sanapeze munthu. Anabwerera mwakachetechete, n'kukhala pansi. "Tabwezera pomwe paja, mphwanga."

Za fodya sanatchulenso. Koma zoti ampu zisanuzi zikufuna batire lina la sola, sindinawauzebe.